Mpando wa Pakati

M'caka ca 1982, pamene ndinali kuphunzira ku Mangalande, ndinakhala m'nyumba ya mzungu wina wokalamba amene mkazi wace anamwalira kale. Mkuluyo sanali wacuma, koma m'cipinda cace cocezera munali zokuzira mau ziwiri za mtengo wapatali, za mtundu wa Quad. Zinali zotambalala, zoimirira pa timiyendo titatu, kotero kuti tsiku loyamba ndinaziyesa mbaula zootha pa nyengo yacisanu.

Anazipanga ndi Peter Walker wa ku Huntingdon, ndipo zinayamba kugulidwa m'caka ca 1957. Masipika ambiri amagwedeza pepala lolimba ndi mphamvu ya maginito. Koma m'kati mwa izi muli nembanemba ya pulasitiki yopyapyala koposa tsitsi la munthu, yotambasulidwa pakati pa mbale zokhala ndi tizibowo. Magetsi amaikoka ndi kuikankha, ndipo popeza iri yopepuka cotere, mau amaturuka oyera ngati madzi a pa kasupe.

Komabe kukoma konseko kunamveka bwino pa malo amodzi okha, pa mpando wa pakati. Madzulo onse mkuluyo anakhala pamenepo, ndipo ine ndinakhala ca kukhoma, ndi kumva zotsalira. Sindinadandaule, pakuti mlendo salamula m'nyumba ya eni.

Tsiku lina ndinapeza zakale zija zacoka, ndipo m'malo mwace muli zatsopano, zazitali, zochedwa ESL-63. Mkuluyo anandiuza kuti nambala 63 iri kunena caka ca 1963, pamene Walker anayamba kulingalira nchitoyi, koma sanazitulutse kufikira 1981. Zaka 18 munthu ali kukonza cinthu cimene anthu anali kucitamanda kale! Ndithu, kuona maso a nkhono nkudekha.

Cimene anasintha ndi ici. Mukaponya mwala m'dziwe, mafunde amayamba pakati nafalikira mozungulira. Cimodzimodzi anakonza mbale zija m'mizere yozungulira, kuti magetsi afike poyamba pakati, ndi kufika mocedwa pang'ono pa mizere ya kunja. Motero mau amamveka ngati acokera pa kadontho kamodzi kumbuyo kwa cokuziraco, ndipo amafalikira m'cipinda koposa kale.

Sabata lomwelo ndinalandira kaseti yocokera ku Chipata. Amai sanadziwe kulemba, tsono mphwanga anajambula mau ao. Mkuluyo ataona m'mene ndinaigwirira, anati, "Mwana wanga, bwera nayo kuno." Anakoka mpando wina nauika pafupi ndi wace, ndipo tinakhala mogundana mapewa.

Pamenepo amai analankhula. Sindinamve makina ai. Ndinamva amai atakhala pakati pa cipinda. Ndinamva kupuma kwao asanayambe liu, tambala ali kulira patali, ndi munsi wa mlongo wanga uli kugunda mumtondo. Anati, "Mwana wanga, mvula yagwa bwino, cimanga cacita. Usadzimane cakudya kumeneko." Koma ndinamvanso cimene sanafune kuti ndimve: m'cifuwa mwao munali kulira kaphokoso kamene sindinakadziwe kale.

Mkuluyo sanadziwe liu lacinyanja ngakhale limodzi, koma kaseti itatha anandifunsa, "Kodi amai ako ali bwino?" Iyenso anamva. Anati kaphokoso kotere anakamva kwa mkazi wace, ndipo anandiuza kuti ndisazengereze. Usiku womwewo ndinalemba kalata kwa amalume kuti apite nao ku cipatala. Mankhwala anawathandiza kwa nthawi, ndipo pobwerera kwathu ndinawapeza ali moyo, nticeza miyezi isanu asanatisiye.

Masiku ano, ndikamva anyamata atamanda cinthu cifukwa cabe ndi catsopano, ndimakumbukira madzulo aja. Zokuzira mau zakale zinali zabwino, ndipo pali anthu amene azikonda koposa kufikira lero. Koma zikadakhala zomwezo, mmodzi wa ife akadakhala kukhoma, ndipo sindidziwa ngati nkhalamba ija ikadamva cimene inamva. Walker anamwalira m'caka ca 2003, ine osamuona ndi maso. Kaseti ija ndikali nayo m'bokosi, ndipo ndikaiika kuti adzukulu amve, ndimayamba ndawakokera mipando pafupi ndi wanga.