Tsiku lomwe ndidamutulutsa m'bwalo

Mng'ono wanga adadziwa kuvina asanadziwe kuyankhula. Kuyenda adachedwa nako, mpaka zaka zitatu akukwawabe, koma ng'oma ikalira kutsidya kwa dambo ankagwedeza mapewa ali kumsana kwa amayi mpaka mbereko kumasuka. Adabadwa m'chaka cha 1990 kwathu ku Dedza, ndi timaso topendekera m'mwamba ndi lilime lokonda kusuzumira panja. Dzina la chomwe adabadwa nacho, Down syndrome, ndidalimva ndili wamkulu kale. Pamudzi adali ndi maina awoawo: chidempete, wozerezeka. Ena ankanong'ona kuti bambo adamukhwimira kuti golosale yawo iziyenda. Golosale yakeyo idali ya sopo, mchere ndi machesi basi. Chikhala kuti kukhwima kumalipira chonchija, bwenzi afiti onse atasiya ntchito.

Zoona zake n'zakuti m'maselo a thupi la munthu mumakhala makromozomu 46, pamene mwa iye muli 47, ndipo madokotala a ku France adatulukira zimenezi m'chaka cha 1959. Mwana wotere amaphunzira ndithu, koma pang'onopang'ono, mobwerezabwereza. Kusukulu, m'kalasi momwe ana ankachita kupanikizana ngati matemba, wobwereza naye padalibe. Adangopita matemu awiri n'kukhala pansi.

Tsono m'chaka cha 2002 kudali ukwati wa msuweni wathu. Ine ndidachokera ku Lilongwe nditatenga chibwenzi changa, mnyamata wa tayi, woti abale akamuone. Madzulo amayi a chimtali atazungulira bwalo, oyimba ng'oma ali pakati, ndidangoona mng'ono wanga uja, wa zaka 12, walowa pamzere. Palibe adamuitana. Abale inu, mwanayo adavina! Phazi limagwa pomwe ng'oma yagwa, chiuno chikuyankha, nkhope ili ndii, osaseka n'komwe, ngati munthu amene ali pantchito. Nthungululu zidalira, anthu n'kuyamba kumufupa. Koma pakati pa nthungululuzo padalinso chikhakhali, ndipo bambo wina yemwe adali atalawa adakuwa kuti, "Taonani, chitsiru chaposa anzeru!" Ndidacheukira mnyamata wa tayi uja. Nayenso n'kuti akuseka.

Ndidalowa m'bwalomo n'kumugwira padzanja. Iye adangoti, "Achemwali, nyimbo sinathe." Ndidamukokera kuseri kwa nkhokwe, n'kumupatsa mpunga kuti akhale chete. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti ndidamuteteza. Bodza. Ndidachita manyazi. Mnyamata wa tayi uja sadandikwatirenso, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Padapita zaka 20. M'chaka cha 2022 ndidabwera kuno ku Mangalande, m'chigawo cha Lancashire, kudzagwira ntchito yosamalira anthu. Mmodzi mwa omwe ndimathandiza ndi mnyamata wovutika kuphunzira, ndipo pandandanda wake padalembedwa kuti Lachitatu m'mawa ndi tsiku la gule. Ndidaganiza kuti n'zongowatayitsa nthawi. Titafika muholo ya tchalitchi china tidapeza anthu ngati 20, ena pa njinga zawo, ena ndi owaperekeza onga ine. Ndidalunjika kwa mayi wina wooneka wochangamuka n'kumufunsa ngati iye ndiye mphunzitsi. Adati inde, koma alipo awiri, ndipo woyambitsa lero ndi uyo apoyo.

Uyo apoyo adali mtsikana wa nkhope ya mng'ono wanga. Ndiye ankawerenga masitepe, ndiye ankaimitsa nyimbo anthu akasokoneza. Owaperekezafe sadatilole kukhala pampando. Pakati pa gule adabwera pomwe ndidaima, n'kunditukula zigongono, ati manja anga ndi aulesi. Ine, wokulira pa chimtali! Mtima udandiwawa pang'ono, koma nditadziyang'ana pagalasi la pawindo ndidaona kuti sakunama.

Pofunsafunsa ndidamva kuti kachitidwe aka, koti wovina wovutika kuphunzira azitsogolera limodzi ndi katswiri wa zovina, adakatchukitsa kudera kuno ndi mayi wina dzina lake Jen Blackwell. Nayenso adabadwa ndi Down syndrome. Atamaliza sukulu adadziwa chomwe ankafuna: kukhala mtsogoleri wa magule pakati pa anthu wamba. Adatha zaka pafupifupi 10 iye ndi makolo ake akufunafuna komwe angamuphunzitse ntchitoyi, osakupeza. Mapeto ake m'chaka cha 2009 adangoyambitsa gulu lake, DanceSyndrome, lomwe m'chaka cha 2013 lidalembetsedwa ngati bungwe lachifundo. Gululi lili ndi mbali ziwiri. Kwina limaphunzitsa aliyense wofuna, wolumala ndi wosalumala, m'maholo a m'matauni. Kwina limakonza magule oonetsa pansanja, ndipo m'chaka cha 2017 lidakavina ku Edinburgh Fringe, chikondwerero chachikulu cha zisudzo ku Scotland. Chomwe chidandigwira mtima n'chakuti lili ndi maphunziro osula anzake a Jen kuti nawonso akhale atsogoleri. M'chaka cha 2023 mayiyu adalandira mendulo ya British Empire Medal.

Sali yekha ayi. Kumwera, ku Farnham, kuli gulu la akatswiri la Stopgap, komwe Chris Pavia, nayenso wa Down syndrome, adalowa ngati wophunzira m'zaka za m'ma 1990, n'kufika popeka magule ovinidwa ndi anzake, olumala ndi osalumala omwe.

Musaganize kuti ndikuti kuno ndi kumwamba. Zaka 10 zija zikutanthauza zitseko zambiri zotsekedwa, m'dziko lomwe masukulu a zovina ali mbwee. Pakadapanda makolo ouma khosi, Jen bwenzi akuvinira m'chipinda chake, ndipo magulu oterewa amadalira ndalama za opereka, zomwe lero zilipo mawa palibe. Penanso ife timawaposa: kuno kuti uvine uyambe walipira holo ndi kulembetsa dzina, pamene kwathu bwalo ndi la aliyense. Mng'ono wanga palibe adamuletsapo kuvina, kupatula ine.

Koma zigongono zanga zija zidandikumbutsa kanthu kena. Pa chimtali, mtsogoleri wa wezulo sanyengerera. Ukachedwa kutembenuka amakukalipira pamaso pa anthu, ndipo Loweruka lotsatira umabwera utakonza. Mng'ono wanga, pa zaka zonse zomwe wakhala akulowerera m'magule a pamaukwati ndi paziliza, sadakalipiridwepo. Akaphonya sitepe anthu amaseka, akalondola amasekabe. Ndinkayesa chifundo. Lero ndikuona kuti munthu amene sitimukonza ndiye kuti sitikumuwerengera. Paja timati ukaipa dziwa nyimbo, ngati kuti luso la munthu wotere ndi chindapusa cholipirira kaonekedwe kake. Tsono akaidziwadi nyimboyo timamuponyera makobidi, koma nsalu ya gulu osamupatsa, wezulo ndiye osalota n'komwe. Malamulo tili nawo: lamulo la anthu aulumali la 2012, ndi lina lomwe lidalowa m'malo mwake m'chaka cha 2024. Koma sindidaonepo lamulo likufika pabwalo la chimtali Loweruka masana.

Ndidaimba foni kumudzi. Amayi atamva maganizo anga adakhala chete kanthawi, kenaka adati, "Iwe, uli kutaliko ukufuna anthu ayambirenso kutiseka? Mwanayu wakula, musiye apume." Ndidati, "Amayi, kuseka adaseka kale. Ndipatseni nambala ya amayi a wezulo aja." Amayi a wezulowo nditawapeza ndidawapempha zinthu ziwiri: amulembe m'kaundula ngati membala, zopereka zake ndizilipira ine, ndiponso akalakwitsa azimukalipira ngati wina aliyense. Choyambacho adavomera msanga. Pachiwiricho adaseka, ati, "Mwana wanga, Mulungu sadzandilanga?" Tidakambirana mpaka mayunitsi kutha.

Mwini wakeyo nditamupeza pafoni ndidayesa kumupepesa za ukwati uja. Kaya adakumbukira kaya ayi, iye adangofunsa kuti, "Achemwali, nsaluyo ikhala ngati ya anzanga?" Ndidati inde, yofanana ndendende, ndi duku lomwe.

Mwezi wathawu mdzukulu wa amayi a wezulo adanditumizira kanema pa WhatsApp. Ndidauonera pa basi, pochokera kuntchito ya usiku. Mng'ono wanga ndi wachinayi pamzere. Wanenepa, ndipo mpweya umamuthera msanga kusiyana ndi kale. Chapakati pa nyimbo onse atembenukira kumanja, iye yekha kumanzere. Wezulo walira, ng'oma zaima, ndipo amayi aja akumuloza chala, mawu awo akumveka bwinobwino: "Inu mayi inu, kumanja n'kuti?" Iye wakwinya nkhope, wapinda manja pachifuwa, wayang'ana kumbali. Ndidaganiza kuti atuluka m'bwalo. Waima choncho kanthawi, kenaka wamanganso nsalu yake m'chiuno, n'kugwedezera mutu woyimba ng'oma kuti ayambirenso.