Si Ukalamba Wokha Ayi

M'mudzi wina wa m'mphepete mwa nyanja, kufupi ndi Messumba, muli agogo aakazi amene ankadziwika ndi khasu. Ankapalira cinangwa kuyambira m'mamawa, madzulo n'kutsikira kunyanja kukatunga madzi. Koma mvula itatha, agogo anayamba kufooka. Pokwera kamtunda kocokera kunyanja ankaima kawiri, mtima ukugunda ngati ng'oma. Akadzuka msanga ankamva cizungulire.

Anthu a pakhomo ankangoti, "Ndi ukalamba umenewu." Agogonso anavomera.

Mdzukulu wawo wamkazi anali ataphunzira kusukulu zizindikiro za kucepa kwa magazi. Tsiku lina anagwada pafupi nawo nati, "Agogo, tandionetsani manja anu." Zikhatho zinali zoyera mbee. M'kati mwa zikope namonso munalibe kufiira. Mtsikanayo anauza amalume ake, ndipo m'mawa mwake anapita nawo agogo kucipatala ca ku Metangula.

Namwino anabaya cala n'kuyeza magazi. Anafotokoza kuti muyeso wa hemogulobini wa mayi suyenera kutsika pansi pa 12, wa bambo pansi pa 13. Wa agogo unali pansi kwambiri.

"Magaziwo apita kuti, ine osavulala?" anafunsa agogo.

Namwino anati akuba magazi ambiri saoneka. Malungo amaononga magazi. Njoka zina zazing'ono zimalowera kumapazi munthu akamayenda opanda nsapato, n'kumayamwa magazi m'matumbo. Likodzo nalo limalowa pakhungu pamene munthu akucapa kapena kusamba m'madzi okhala ndi nkhono. Kenaka anafunsa zimene agogo amadya. Apa m'pamene cinsinsi cinaululika. Usipa ukacepa, agogo ankaupereka wonse kwa adzukulu, iwo n'kudyera nsima ya kondoole msuzi wokha. Thupi lawo linkasowa citsulo, cimene cimapanga magazi.

Anawapatsa mankhwala a njoka ndi mapiritsi a citsulo oti amwe miyezi 3. Anawauza kuti azidya nsomba, nyemba ndi cigwada cophika bwino, azifinyira ndimu m'ndiwo, ndipo asamamwe tiyi pa nthawi ya cakudya. Anawacenjezanso kuti mphamvu zikapanda kubwerera abwerenso, cifukwa okalamba ena amataya magazi m'mimba osadziwa.

Tsopano agogo akukwera kamtunda kaja osaima. Madzulo mdzukulu uja ndiye amagawa ndiwo, ndipo amayamba kuika usipa m'mbale ya agogo.