Ndinakacheza kwa Frida Kahlo osakwera ndege

Ku Mexico ndinapita ndili khale pakhonde, foni ili m'manja. Pasipoti sinatuluke m'sutikesi, ndipo panalibe wondifunsa chomwe ndikukatsata m'dziko la eni. Chinandidyera ndalama ndi bandulo basi. Ndikuuziretu kuti ulendo woterewu umamwa deta mosanyengerera, choncho ngati kuntchito kwanu kuli Wi-Fi, mudziwe chochita nthawi ya nkhomaliro.

Nyumba zambiri za akatswiri ojambula amene anatisiya zinasandutsidwa malo osungiramo mbiri, ndipo zina zinajambulidwa ndi kamera yotenga mbali zonse. Ukalowa pa intaneti umayenda chipinda ndi chipinda: ukadina kamuvi wasuntha, ukakoka chala watembenuka. Mliri wa Covid-19 utatsekera anthu m'nyumba mu 2020, maulendo otere anatchuka kwambiri. Ine ndinasankha Casa Azul, nyumba yabuluu ya pamsewu wa Londres ku Coyoacán, mumzinda wa Mexico City, komwe Frida Kahlo anakulira ndiponso kumwalirira.

Amene anamanga nyumbayi mu 1904 ndi bambo ake, Guillermo Kahlo, wojambula zithunzi ndi kamera amene anachokera ku Germany. Frida anabadwa mu 1907 n'kumwalira mu 1954 ali ndi zaka 47, ndipo patangotha zaka zinayi nyumbayo inatsegulidwa kuti anthu aziiona. Masiku ano opita ndi miyendo amagula matikiti pasadakhale n'kukaima pamzere. Ine ndinangolowa ngati mwana wapakhomo.

Choyamba kundilandira chinali bwalo la mkati. Makoma ndi abuluu wolimba woti maso amachita kubwerera, kenako mitengo, zomera zaminga, ndi kachulu ka masitepe komwe mwamuna wake, Diego Rivera, ankaikapo zosema za makolo a ku Mexico zakale Azungu asanafike. Sindinachedwepo. Zipinda zoyambirira, momwe muli zojambula zake zingapo, ndinadutsamonso mwachangu, chifukwa chithunzi chopaka penti ukachiona pafoni sudziwa ngati n'chachikulu kapena chaching'ono. Ndinangoima pang'ono pa chithunzi cha mavwende odula, chimene analembapo chaka cha 1954, chaka chomwe anamwalira.

Kukhitchini ndiye ndinakhazikika. Pansi ndi pachikasu, mbaula ndi yomanga yokutidwa ndi matailosi abuluu ndi achikasu, pamwamba pali miphika yadothi ikuluikulu, kukhoma zipande zamtengo. Ukakweza maso umaona mayina awiri, Frida ndi Diego, olembedwa pakhoma ndi timiphika ting'onoting'ono tadothi tokhomedwa kamodzikamodzi. Ndinakulitsa chithunzicho mpaka ndinayamba kuona kamphika kalikonse pakokha. Ndinadzifunsa kuti anakwera pamakwerero kukhoma timiphikato ndani, ndipo anatenga masiku angati. Banja lenilenilo silinali lamtendere ngati mayinawo pakhoma. Anakwatirana mu 1929, ukwati n'kutha mu 1939, n'kubwererananso mu 1940. M'chipinda cha Diego chisoti ndi zovala zake zantchito zikadali zopachika. Ndipo m'nyumba yomweyi munakhalanso mlendo wovuta kusunga: Leon Trotsky, atathamangitsidwa ku Soviet Union, anafikira muno mu 1937 n'kukhalamo mpaka 1939. Chaka chotsatira anaphedwa m'nyumba ina ya ku Coyoacán komweko.

Apa netiweki inayamba kuvuta. Khoma linasanduka timabokosi, kamuvi n'kukana kuyenda, ine ndili njo pakati pa khitchini ya munthu wina. Ndinadikira.

Itabwerera ndinakwera kuchipinda chogwirira ntchito, chomwe ndi chimene ndinadzera. Mbali imeneyi anaiwonjezera m'zaka za m'ma 1940, mapulani ake analemba Juan O'Gorman, ndipo anaimanga ndi miyala yakuda ya kuphiri lophulika. Mawindo ndi aakulu, oyang'ana kumunda. Pathebulo pali maburashi, timabotolo ta penti, kalilole, ndipo m'mashelefu muli mabuku. Kutsogolo kwa choimikirapo chinsalu palibe mpando wamba. Pali njinga ya olumala.

Mbiri ya thupi la mayiyu ndinkaidziwa kale. Anadwala poliyo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mu September 1925, ali ndi zaka 18, basi yomwe anakwera inawombedwa ndi sitima yoyenda mumsewu wa m'tauni. Chitsulo chinamubaya m'chiuno, msana ndi mafupa ena n'kuthyoka. Anachitidwa maopaleshoni ambirimbiri, ndipo mu 1953 madokotala anamudula mwendo wakumanja m'munsi mwa bondo. Zonsezi zili m'mabuku. Koma buku silikuonetsa kuti kuchokera panjingayo kufika pachinsalu ndi mtunda wa mkono umodzi, ndiponso kuti zinthu za pathebulo zili poti munthu wokhala pansi angazifikire. Ndinatembenuza kamera uku ndi uku, kuyesa kuona chipindacho pamsinkhu wa munthu wokhala. Ndinayamba kumvetsa chifukwa chake zojambula zake zambiri n'zazing'ono pomwe mwamuna wake ankadzaza makoma athunthu a nyumba za boma. Wina ankakwera masanja, wina ankajambula pomwe dzanja lafika.

Pafupi pomwepo pali mabedi awiri, lamasana ndi lausiku. Lamasana lili ndi denga lamatabwa, ndipo kunsi kwa dengalo kuli kalilole. Atachita ngozi ija, mayi ake ndiwo anamukonzera kalilole wapabedi kuti azidziona ali chigonere, ndipo m'menemo ndi momwe anazolowera kujambula nkhope yake yomwe. Anthu amene amati mayiyu ankadzikonda pojambula nkhope yake kambirimbiri akaone kaye bedi limeneli. Munthu wogona chagada miyezi yambiri, ajambula ndani? Pamwamba pa bedi lausiku pali agulugufe ouma m'galasi, mphatso yochokera kwa wosema Isamu Noguchi. M'chipinda chomwecho muli mtsuko wakale wadothi wooneka ngati chule, ndipo mumenemo ndi momwe muli phulusa la mtembo wake. Apa ndinachita kakasi. Kwathu manda sitiyandikira mwachisawawa, koma ine ndinali nditakulitsa chithunzi cha mtsukowo ndi zala ziwiri, kapu ya tiyi ili pambali.

Ulendo wapafoni uli ndi malire ake, ndipo ndisakunamizeni. Umaima pokhapo pomwe anaimika kamera. Kuseri kwa chitseko sungasuzumire, fungo la penti sulimva, kuzizira kwa miyala ija sukudziwa. Komanso nyumba yomwe ukuonayo ndi yosesedwa, yokonzedwa ndi anthu ena mwiniwake atapita. Umboni wake uli momwemo. Diego, asanamwalire mu 1957, analamula kuti katundu wina atsekeredwe m'bafa kwa zaka 15. Dolores Olmedo, amene anasiyiridwa udindo woyang'anira, sanatsegule mpaka anamwalira mu 2002. Chitseko chinatsegulidwa mu 2004, ndipo m'katimo anapeza madiresi, makalata, zithunzi zikwizikwi, zikhakha zomangira msana zomwe Frida anazikongoletsa ndi penti, ndi mwendo wochita kupanga wovala jombo yofiira. Kwa zaka pafupifupi 50 alendo ankadutsa m'nyumbamo osadziwa.

Nditatuluka ndinakasuzumira mwachidule kwa ena. Kwa Claude Monet ku Giverny, ku France, komwe anakhala kuyambira 1883 mpaka 1926, chipinda chodyera ndi chachikasu ponseponse ndipo makoma adzaza zithunzi za ku Japan. N'kokongola, koma sindinapezeko chondigwira mtima. Zithunzi za chipinda chogwirira ntchito cha Francis Bacon ndiye zinandiseketsa. Iye anamwalira mu 1992, ndipo mu 1998 akatswiri anasamutsa chipinda chake chonse kuchoka ku London kupita ku Hugh Lane Gallery ku Dublin: zinthu zoposa 7,000, manyuzipepala ong'ambika, zitini za penti, chitseko, ngakhale fumbi. Chilichonse anachibwezera pomwe chinali. Mayi aliyense wolera ana atachiona angatenge tsache nthawi yomweyo.

Chimene chinandipweteka n'chakuti nditafuna kulowa chimodzimodzi m'malo ogwirira ntchito amisiri akwathu, ndinasowa polowera. Ku Mua, ku Kungoni, anthu akhala akusema mitengo kuyambira 1976. M'matauni mwathu muli ojambula amene akalamba burashi ili m'manja, ndipo akamwalira chipinda chimasesedwa n'kuikamo wa lendi mwezi usanathe. Foni zojambula bwino tili nazo m'matumba. Inu amene mumakhala moyandikana ndi mmisiri wotere, kapempheni chilolezo, mujambule thebulo lake, zida zake ndi pomwe amakhala akamagwira ntchito, iye akadali moyo kuti akufotokozereni yekha.