Mwana wa Ng'ona Sakulira Dziwe Limodzi

Ku Area 12, mumzinda wa Lilongwe, kuli mkulu wina amene anasiya mudzi nadzakhala kwa mwana wake atamwalira mayi a kunyumba kwake. Adzukulu ake awiri, mtsikana ndi mnyamata, anakulira kuseri kwa mpanda wa njerwa. Amadziwa City Centre, amadziwa masitolo a ku Old Town, koma mtondo ndi munsi anaziona pachithunzi. Tsiku lina mkuluyo anati kwa mwana wake: "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anawa tipite nawo ku Nkhotakota."

Ananyamuka mbandakucha, natsetsereka mapiri a ku Dowa kufika ku Salima, kenaka analunjika kumpoto pa msewu wa M5. Anawo mtima unali pa kusambira basi. Atafika, mnyamata anathamangira kumadzi atavala nsapato, asodzi amene ankasoka chilimira pamchenga nagwa nako kuseka. Mayi wina anakalipira mtsikana mwachikondi chifukwa cholowera ku dooko la amuna. Kunyanja madzi ndi amodzi, koma malo osambira ngolekana, ndipo mlendo wosafunsa amadya phula.

Dzuwa litapendeka, agogo anawatengera pansi pa mkuyu waukulu umene anthu amautcha mtengo wa Livingstone. Anawafotokozera kuti cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wina, Salim bin Abdallah, amene anadzatchedwa Jumbe. Iye ndi olowa m'malo ake ankagula minyanga ya njovu ndi anthu, nalipira nsalu, mikanda ndi mfuti. Ogwidwawo ankawaolotsa nyanja pa zombo za matanga, ndipo kutsidyako ankayenda pansi, goli lili m'khosi, mpaka ku Kilwa. David Livingstone anafika kuno mu 1861 nabweranso mu 1863, ndipo mbiri ya pakamwa imati anakambirana ndi Jumbe pansi pa mtengo womwewu. Koma malondawo sanathe ndi mawu ake. Anapitirira zaka zina makumi atatu, mpaka boma la Angerezi linachotsa Jumbe wotsiriza mu 1895.

Izi zonse zili m'mabuku a sukulu, ndipo mtsikana uja ankangogwedeza mutu ngati ali m'kalasi. Kenaka anafunsa: "Agogo, nanga amene ankagwira anthu kumidziko anali yani? Aswahili okhaokha?"

Mkuluyo anakhala chete nthawi yaitali. Funso limeneli ambiri amalilambalala, pakuti n'kosavuta kuloza chala mlendo. Pomaliza anati: "Iyayi, mdzukulu wanga. Mafumu ena a kwathu konkuno ankagulitsa anthu. M'chaka cha njala, mwini mbumba ankatha kupereka mwana wa mlongo wake posinthana ndi chakudya, kapena polipira mlandu."

Apa ndi pamene anaulula chimene sanauzepo ngakhale mwana wake, amene anali chiimire pambali ndi makiyi a galimoto m'manja. Agogo ake aakazi a mkuluyo anafika pa Nkhotakota ali kamwana, atagwidwa kumtunda. Zombo zinaleka kuoloka iwo asanakwezedwe, ndipo anakulira pafupi ndi mishoni ya Anglican imene inayamba kuno mu 1894. Mudzi wao sanaukumbuke. Mfunda umene banja lonse limanyadira lero unali wa munthu amene anawalera. Pamudzi mawu akuti "kapolo" anali chitonzo choopsa, choncho nkhaniyi ankainong'ona akuluakulu okha, ana atagona.

Mwana wake anati: "Bambo, bwanji simunatiuze?"

"Ndinkachita manyazi," anayankha. "Koma amene anayenera kuchita manyazi si iwo aja."

Anadzera ku tchalitchi cha All Saints, kumene kuli manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895 bwato lake litagubuduzika ndi mphepo. Mnyamata anadabwa kuti mzungu ali ndi manda odziwika ndi dzina, pamene a gogo uja palibe angawaloze. Palibe anamuyankha.

Madzulo anadya kondowole ndi usipa. Anawo analimbana nayo nsima yomatayo, agogo akuwaphunzitsa kunyowetsa zala asanateme mbamu. Patali pa nyanja panakwera chimtambo chakuda chonga utsi, ndipo anawauza kuti ndi nkhungu, tizilombo timene anthu a kuno amakola ndi madengu naumba ndiwo. Mnyamata anachita tsinya. Za njovu zoposa 500 zimene zinasamutsidwira m'nkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017 anangomva ndi khutu, pakuti nthawi yokaziona inawathera.

M'mawa mwake, pa mlatho wa Chia, anagula chambo kwa anyamata oimika galimoto, nachimangirira pagalasi lam'mbali kuti chisanunkhe. Atadutsa Salima, mtsikana anatulutsa kope m'chikwama chake nati: "Agogo, yambiraninso. Akuti anagwidwa ali kuti, kumunda kapena kumadzi?"