Citini Cogwira Oilo ndi Mboni, si Sing'anga

Alimi anzanga, sabata ino sindikamba za mbeu kapena manyowa. Ndifuna tikambirane za injini, pakuti masiku ano dzinthu zathu zimayenda pa injini. Cimanga cimapita ku cigayo ca dizilo, madzi a kudimba amakokedwa ndi pampu, ndipo fodya, mtedza ndi soya zimafika ku msika pa galimoto. M'midzi yambiri imene ndimayendera muli galimoto imodzi yokha, ya munthu mmodzi kapena ya kalabu ya alimi. Galimotoyo ndiyo imanyamula mabelo kupita ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe, ndipo ndi yomweyo imathamangira ku cipatala usiku mai wapakati akadwala. Ikafa, mudzi wonse umabvutika.

Eni galimoto angapo akhala akundifunsa funso limodzi. Akuti, “Tikamasula paipi yolowetsa mpweya mu injini timapezamo oilo wakuda. Amakanika atiuza kuti tigule citini cimene Azungu amati catch can. Kodi tigule?” Yankho langa ndi lakuti citinico ncabwino ndithu, koma muyambe mwadziwa nchito yace ndi pamene mphamvu yace ithera.

Oilo amafika bwanji kumeneko?

M'kati mwa injini muli zitsulo zimene amati mapisitoni, zomwe zimakwera ndi kutsika m'mabowo mwao monga munsi mu mtondo. Pamwamba pa pisitoni ndi pamene mafuta amapsera. Pansi pace pali mphika wa oilo, umene amakanika amati sampu. Pisitoni iriyonse inabvekedwa mphete zacitsulo kuti moto ukhale kumwamba, oilo akhale pansi. Koma palibe mphete yotseka kotheratu. Nthawi iriyonse mafuta akaphulika, mpweya wotentha pang'ono umapulumukira m'mbali mwa mphetezo nutsikira ku sampu. Injini ikamazungulira maulendo 2,000 pa mphindi imodzi, m'bowo liri lonse mafuta amaphulika maulendo 1,000. Tsono ganizani kucuruka kwa mpweya wopulumukawo pa ulendo wa tsiku lathunthu.

Mpweya umenewu uyenera kupeza poturukira. Ukasowa njira umafufuma ngati thobwa m'botolo lotseka, nukankha oilo kuti aturukire m'zotsekera za injini. Kale magalimoto anali ndi kapaipi koloza pansi, ndipo utsi ndi madontho a oilo zinkangogwera mu mseu. Injini zambiri za zigayo ndi za mathirakita akale zimapuma momwemo kufikira lero. Koma utsiwo unkadetsa mpweya wa m'mizinda ikuluikulu. Motero mu 1961, ku California m'dziko la America, magalimoto atsopano anayamba kuikidwa paipi yobwezera mpweyawo m'njira yolowera, kuti injini iumeze ndi kuuocha. Pofika 1964 magalimoto atsopano ambiri a ku America anali nayo paipiyi, ndipo lero pafupifupi galimoto iriyonse yoyenda pa mseu iri nayo, kuphatikizapo ya m'mudzi mwanu.

Bvuto ndi lakuti mpweya wocokera ku sampu suyenda wokha. Umanyamula nkhungu ya oilo, nthunzi ya madzi ndi mafuta osapsa. Izi ndizo mumazipeza m'paipi. Ngati ndi kunyowa pang'ono cabe, kongodetsa cala, musade nkhawa, ndi cikhalidwe ca injini. Koma ngati oilo akudontha kapena wacita thamanda, pamenepo pali nkhani.

Kuipa kwace

Amai amaudziwa mwaye umene umalendewera ku denga la khichini. Mwaye womwewo ulimo mu utsi wa dizilo. Magalimoto a dizilo a masiku ano, monga Toyota Hilux ndi Isuzu, amabweza gawo la utsi wa ku ekizosi kuti ulowenso mu injini, pofuna kucepetsa mpweya woipa. Mwaye wouma ukanangodutsa, koma ukakumana ndi oilo zimasanduka phala lakuda lomata ngati phula wa mu mseu. Phalalo limaunjikana caka ndi caka, njira ya mpweya nkumaning'a. Injini imakhala ngati ng'ombe yokoka ngolo goli litaifinya pakhosi. Pa citunda mphamvu palibe, mafuta amatha msanga, utsi umada bii.

Magalimoto ena a petulo atsopano nao ali ndi bvuto lao. Iwowa amathira petulo molunjika m'bowo la pisitoni, kotero petulo satsukanso mavavu olowetsa mpweya monga ankacitira m'magalimoto akale. Oilo amapserera pa mavavuwo ngati nkhoko za mu mphika.

Coopsa koposa ciri pa injini ya dizilo. Dizilo salira mapulagi kuti ayake, amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa. Oilo naye amayaka momwemo. Oilo wambiri akalowa m'njira ya mpweya, injini imayamba kudya oilo wace womwe, nithamanga mopenga, utsi uli tolotolo. Mukazimitsa kiyi siima ai, cifukwa kiyi amatseka dizilo, satseka oilo. Imathamanga kufikira oilo atatha kapena citsulo citathyoka. Zotere zikakugwerani pa galimoto ya giya wa pamanja, pondani buleki kolimba, lowetsani giya wamkulu koposa, ndipo masulani kilachi kuti injini izime. Ngati ndi injini ya cigayo, tsekani polowera mpweya ndi thabwa losalala. Musayese ndi dzanja kapena nsanza, pakuti imakoka ndi mphamvu yoopsa. Zikakanika, cotsani anthu onse apite patali. Injini ina mudzagula, koma munthu sagulidwa.

Nchito ya citini

Citini ici cimaikidwa pakati pa paipi ija yocokera pa cibvundikiro ca injini kupita ku njira ya mpweya. Ciri ndi mabowo awiri, lolowera ndi loturukira, ndipo m'kati mwace muli tizipupa, ukonde wacitsulo kapena sefa. Mpweya ukalowa umagunda zimenezi, timadontho ta oilo timaphatikana ndi kugwera pansi monga mame pa tsamba la nthoci, mpweya nupitirira ulendo wace. Citini copanda kanthu m'kati cimagwira oilo wocepa kwambiri, motero pogula suzumiranimo. Mukagula, sungani malangizo awa:

1. Cimangidwe coimirira, pamalo osagwedera, kutali ndi ekizosi.

2. Mapaipi ace asacepe kuposa amene anabwera ndi galimoto. Akhale opirira oilo ndi kutentha, ndipo asapindike. Paipi yothirira kudimba siyenera, cifukwa imafewa ndi kuphwafuka.

3. Musatseke poturukira mpweya. Ena amalowetsa paipi m'botolo natseka kolimba kuti asadetse injini. Amenewo akuitana oilo kuti aboole zotsekera.

4. Khuthulani kawirikawiri. Poyamba yang'anani sabata iriyonse kufikira mutadziwa madzazidwe ace. Citini codzaza ncoipa kuposa kusakhala naco, pakuti cimatseka njira, kapena injini imameza zonse kamodzi. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi mudzapezamo madzi ambiri, ooneka ngati tiyi wamkaka. Imeneyo ndi nthunzi imene yazizira.

5. Zimene mwakhuthula musazibwezere mu injini, cifukwa muli madzi ndi zonyansa. Musazitaye m'munda kapena pafupi ndi citsime. Musazipake pa zilonda za ng'ombe kapena pa nkhupakupa monga acitira ena, pakuti oilo wakale ali ndi ululu woononga khungu. Zisungeni m'cigubu cotseka, kutali ndi ana.

Cimene citini sicingathe

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Citini cimagwira oilo, koma sicicotsa cimene cikumuturutsa oiloyo. Sicibwezera mphete zakutha, ndiponso sicitsuka phala limene linamata kale.

M'mudzi wina umene ndimayendera, kalabu ya alimi inaika citini pa galimoto yao. Utsi unacepa ndipo onse anakondwa, nati galimoto yacira. Koma citinico cinkadzaza masiku atatu ali onse, ndipo mnyamata woyendetsa ankangokhuthula osauza munthu, poyesa kuti ndi mmene cimagwirira nchito. Oilo wa mu sampu ankanka nacepa. Tsiku lina m'nyengo ya msika injini inauma panjira mabelo ali pamwamba, ndipo amuna anagona pa mseu kulonda fodya wao. Ndalama zokonzera zinadya phindu limene mabanja onse aja ankayembekeza kugulira feteleza. Citini cinkanena zoona tsiku ndi tsiku, koma panalibe wocimvera. Akulu anati safunsa anadya phula.

Cifukwa cace ndikuti citengeni citinico ngati mboni. Gulani kabuku. Nthawi iriyonse mukakhuthula, lembani tsiku, makilomita amene galimoto yayenda, ndi kucuruka kwa oilo poyeza ndi kakapu kamodzi komweko. Muyeso ukamakhala umodzimodzi mwezi ndi mwezi, injini iri bwino. Ukayamba kukwera, mboni yalankhula, funani gwero lace. Yambani ndi zosalira ndalama zambiri.

Coyamba, onani ngati simunathire oilo wopitirira muyeso. Kacitsulo koyezera kali ndi mizere iwiri, ndipo oilo akhale pakati pa mizereyo. Yezani galimoto itaima pamalo osatsetsereka, injini itazima kwa mphindi zingapo. Oilo wocuruka amapukusidwa ndi zitsulo zozungulira, nacita nkhungu yambiri.

Caciwiri, onani sefa ya mpweya. Kuti lita imodzi ya petulo ipse, injini imameza malita a mpweya pafupifupi 9,000, ndipo ya dizilo imameza oposa pamenepo. Mpweya wonsewo umacokera mu mseu wa pfumbi la Seputembala ndi Okutobala. Sefa ikatsekeka injini imakoka mwamphamvu, niyamwa oilo wambiri. Ikang'ambika, kapena mukaicotsa, pfumbi limalowa ndi kupera mphete ngati mphero. Pa mathirakita ndi zigayo zakale zimene sefa yace iri ndi kambale ka oilo, thirani kufika pa mzere pokha.

Cacitatu, pa galimoto ya petulo pali kavavu kakang'ono pa paipi ija kamene amati PCV. Kakamatirira, oilo amasocera. Kugula kena sikulira ndalama zambiri.

Cacinai, ngati galimoto iri ndi turbo, dziwani kuti oilo wodontha m'zotsekera za turbo sadutsa m'citini. Mukaona citini ciri ndi oilo wocepa koma m'mapaipi muli thamanda, kaikirani turbo, ndipo musacedwe, cifukwa njira imeneyi ndiyo kawirikawiri imapengetsa injini ya dizilo.

Cacisanu ndi mphete. Injini itatentha, ikulira pang'onopang'ono, masulani citsekero ca pothirira oilo ndi kucisiya pa bowo lace. Cikamangobvina pang'ono palibe kanthu. Cikamakankhidwa, utsi nkumaturuka ngati pa ng'anjo ya njerwa, mphete zatha. Pitani kwa makanika amene ali ndi coyezera mphamvu ya mapisitoni. Kukonza mphete injini ikadali moyo kumalira ndalama zocepa kuposa kudzutsa injini youma.

Mau otsiriza

Walira mvula walira matope. Amene wagula galimoto wagulanso nchito yoisamala. Sinthani oilo pa nthawi yace, musasenzetse galimoto katundu woposa mphamvu yace, ndipo sefa ya mpweya muiyang'ane monga muyang'ana denga la nkhokwe. Inu a m'makalabu, sankhani munthu mmodzi wosunga kabuku ka citini, ndipo aziwerenga pa msonkhano pamodzi ndi kabuku ka ndalama. Mvula ikamatha, tisanayambe kukolola, ndiyo nthawi yabwino yoonetsa injini kwa makanika, kuti pofika msika galimoto ikhale yokonzeka.

Sabata yamawa tidzakambirana za kuteteza cimanga ku anankafumbwe. Tsalani bwino.

Ndine wanu,
Mlangizi wa Zaulimi