Bokosi la Mabuku ku Nkhoma

Amayi anzanga, munthu akachoka ku Lilongwe kulowera ku Dedza, amasiya msewu waukulu pa Kamphata ndi kukhotera kumanzere. Phiri la Nkhoma limaonekera patali, ndipo m'munsi mwake muli tchalitchi, chipatala ndi sukulu ya William Murray. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikika pamalopa mu 1896, atayamba kale ntchito yawo ku Mvera mu 1889. Kwa zaka zambiri mabuku a chinenero chathu ankasindikizidwa komweko, motero midzi yozungulira phirili inazolowera msanga kusunga buku m'nyumba.

Tinapita kumeneko ndi amayi a gulu lathu kukacheza ndi anzathu a Chigwirizano. Ine ndinagona kwa gogo wina, mkazi wamasiye wa mphunzitsi. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, yopanda kabati ngakhale shelefu. Koma kuchipinda kuli bokosi lachitsulo limene analisanjika pa njerwa zinayi, motalikirana pang'ono ndi khoma. Madzulo titatha kudya analitsekula, ndipo tinakhala pamphasa ndi kuyamba kutulutsa mabuku limodzilimodzi.

Pamwamba panali Buku Lopatulika, lija linasindikizidwa lonse mu 1922, ndi buku la Nyimbo za Mulungu. Pansi pake panali Nthondo, nkhani imene Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni yomweyi, analemba ndi kupata nayo mphotho, nisindikizidwa mu 1933. Panalinso Mbiri ya Achewa ya mlembi yemweyo, ndi mabuku awiri a John Gwengwe, Kukula ndi Mwambo ndi Sikusinja ndi Gwenembe. Ena anagula ndi amuna awo, ena anagula okha ndi ndalama za mtedza, buku limodzi pa chaka akakolola bwino.

Ndinawafunsa m'mene mabukuwa apulumukira zaka zonsezi. Anandiuza kuti adani a buku ndi chiswe, mphemvu, makoswe, chinyezi ndi utsi. Njerwa zija ndi za chiswe ndi chinyezi: posesa amaona msanga ngati chiswe chayamba kumanga njira. Bukulo salisunga kufupi ndi moto, chifukwa utsi umadetsa mapepala. Chaka chilichonse mvula isanayambe, mu Sepitembala, amatulutsa onse ndi kuwayala pamthunzi kuti apitidwe mphepo. Padzuwa ayi, pakuti dzuwa limaumitsa mapepala mpaka kumathetheka. Akatero amaika masamba ouma a nimu pansi pa bokosi. Buku likathothoka amalisoka ndi singano ndi ulusi, nalikuta ndi pepala lakhaki. Kumata ndi phala la ufa anakana, popeza ndiko kuitanira mphemvu chakudya.

Koma anati mdani woposa onsewa ndi munthu. Wina amabwereka nanena kuti abweza mawa, mawalo osafika. Wina amang'amba tsamba kuti apichire fodya, kapena kukulungira zitumbuwa pamsika. Gogoyu sakaniza munthu buku, chifukwa buku losawerengedwa silisiyana ndi khasu lopanda mpini. Ali ndi kakope kamene amalembamo dzina la wobwereka ndi tsiku, ndipo munthu satenga lachiwiri asanabweze loyamba.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi ichi. Tonse taonapo zimene zimachitika mwini nyumba akatisiya. Abale amagawana mbale, zofunda, njinga ndi mbuzi, koma mabuku amaponyedwa m'chisakasa, ndipo mvula imodzi imawatha. Pofuna kupewa zimenezi, gogoyu analemba m'kati mwa chikuto cha buku lililonse dzina la mdzukulu amene adzalitenge. Adzukuluwo akudziwa, ndipo akabwera patchuthi aliyense amawerengera agogo ake buku lake mokweza, pakuti maso awo tsopano achita mdima.

Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera. Koma adzagonera kuti ngati tawasiyira chiswe? Ena mwa mabuku amenewa mungayende sitolo zambiri osawapeza, ndipo mwana amene sanaonepo buku la Chichewa pakhomo pa makolo ake amakula akuganiza kuti nzeru zimalembedwa m'Chingerezi mokha.

Nyumba timaisunga ndife amayi. Ndife timadziwa pamene denga likudontha ndi pamene makoswe amadzera. Choncho sabata ino, amayi a m'tauni ndi a kumudzi omwe, funafunani pansi pa bedi ndi m'masutikesi akale. Ngakhale mutapeza mabuku atatu okha, apukuteni, muwakute, muwapezere malo ouma, ndipo usiku mwana mmodzi awerengere banja lonse tsamba limodzi.