Cithunzi cimodzi cingakudyetse kangati?

Iwe mnzanga wopenta, leka nikufunse. Ukagulitsa cithunzi cimodzi, ndalama yake imakhala masiku angati? Wakhalila canvas milungu itatu, penti wagula modula, ndiye kwabwela kasitomala wakunyengelela mtengo mpaka wavomela, cifukwa ba landlord ali pa khomo. Cithunzi capita, ndalama yasila, watsala cabe na ka photo mu foni.

Nchito yanga ni kulondola oimba, ndipo kumeneko naona cinthu cimodzi. Woimba amalowa mu studio kamodzi, koma nyimbo imamudyetsa pa wailesi, pa ukwati na pa show kwa zaka. Manje iwe, thukuta lako uligulitsa kamodzi cifukwa ciani? Nyimbo yako iwe ni ma print.

Si vacilendo ivi. Malemu Ba Henry Tayali, amene dzina lawo lili pa gallery ya ku Showgrounds, anali kusema pa thabwa na kudinda pa pepala. Ba Cynthia Zukas, mmodzi mwa amene anayambitsa Lechwe Trust mu 1986, nawonso amadziwika na zodinda. Akulu anatsegula kale njila.

Coyamba, cithunzi cisanacoke pa nyumba, cijambule bwino. Cita izi masana pa mthunzi, popanda flash, kamela itayang'ana molunjika. File ikhale ya 300 dpi pa saizi imene ufuna kudinda. Ndipo osaitumiza pa WhatsApp monga photo wamba, cifukwa imafinyidwa n'kutuluka yosaoneka bwino. Itumize monga document.

Caciwili ni pepala. Apa osacita vocipa. Pepala wamba limasanduka cikasu, inki yocipa imafwifwa na dzuwa, ndipo kasitomala akaona nkhope ya ambuye ake yazimilila pa cipupa, sadzabwelanso. Funsa pepala lolimba la acid-free na inki ya pigment. Dinda imodzi coyamba, uiyike pafupi na original, uone ngati mitundu yagwilizana.

Cacitatu ndiye cimene cimasiyanitsa print na kalenda ya mu barbershop: nambala. Sankha kuti udzadinda 30 cabe. Pansi pa iliyonse lemba na pensulo 1/30, 2/30 mpaka kumapeto, na siginecha yako. Zikasila, zasila. Olo kubwele bwana na ndalama yabwanji, osadinda ya 31. Anthu amalipilila lonjezo limenelo, ndipo Lusaka ni yaing'ono, bodza silicedwa kumveka.

Pa mtengo, khala pansi na cholembela. Tinene kuti kudinda A3 imodzi kwakudyela K150, katoni na pulasitiki K30, transport K20. Ukaigulitsa K250 uganiza wapata, koma gallery ikacotsapo commission yake ungapezeke walowa m'thumba mwako. Funsa commission usanasiye katundu, ndipo mulembelane pa pepala.

Ngati capital ilibe, yamba na ma oda. Ika cithunzi pa Facebook, Instagram na pa status, cokhala na dzina lako pakati kuti ocenjela asakadinde okha. Wofuna atumize hafu pa Airtel Money kapena MoMo, ndiye upite kukadinda. Wa ku Kitwe kapena ku Chipata, pinda print mu cubu colimba, basi ya pa Intercity idzafikitsa.

Koma foni payeka siikwana. Pita pa msika wa pa Sondo ku Arcades, na ku Kabwata Cultural Village, ukaone vimene anthu amagwila na vimene amapitilila. Mlendo amene akwela ndeke mailo sanganyamule frame ya galasi, koma A4 imalowa mu cikwama. Nurse amene walowa mu flat yatsopano sangakwanitse original, koma print angagule pa month end, ndipo tsiku lina ni yemweyo adzabwela kufunsa cacikulu.

Comaliza, ukagulitsa original, uza wogula poyela kuti ufulu wodinda makope watsala kwa iwe, ndipo muike pa risiti. Iye watenga canvas. Cithunzi cikali cako, cisiye cikusewenzele.